Mafunso ndi mayankho: kuwerenga ndi kulemba nkhani za fantasy za mafumu, malupanga ndi zinjoka

Mafunso awa ndakhala ndikuwalandira kwa anzanga amene timabwerekana mabuku kuno ku Dedza, ena ali ku Ntcheu, enanso ndi ana a sekondale amene anayamba kulemba nkhani zawo kumapeto kwa kope la manotsi. Ena amafunsa pa foni, ena tikakumana pa depoti, ndiye ndaona kuti bola ndiwaike pamodzi aliyense aziwerenga nthawi yake.

Kodi fantasy ndi chiyani, si nthano zomwezi?

Ndi pachibale koma si chinthu chimodzi. Nthano ya agogo imayamba ndi padangokhala, ife tilitonse, kalulu achenjera fisi apusa, ndipo palibe amafunsa kuti mudziwo uli kuti kapena mfumuyo inalowa bwanji ufumu. Fantasy ndi nkhani yopeka yaitali, kawirikawiri buku lathunthu mwinanso atatu otsatizana, momwe muli zinthu zosatheka monga matsenga, zilombo zoti kulibe, mizimu yoyenda dzuwa likuswa mtengo, koma wolemba amalimanga dzikolo ngati lenileni. Limakhala ndi malire, mitsinje, msonkho, njala, milandu ya malo, anthu odana chifukwa cha zimene anachita makolo awo. Wowerenga amadziwa kuti ndi zopeka koma akafika chaputala chachitatu amayamba kudera nkhawa anthu ake ngati abale.

Nanga mawu oti medieval akutanthauza chiyani?

Ndi nyengo ya mbiri ya ku Ulaya, kuyambira cha m'ma 500 mpaka cha m'ma 1500. Ena amayambira 476 pamene ufumu wa Roma wakumadzulo unagwa n'kutsekera 1453 pamene mzinda wa Constantinople unalandidwa. M'zaka zimenezi ndi mmene munali ma knight, asilikali aja okwera akavalo, ma castle, nyumba zamalinga za mafumu ndi mabwana, mafumu olimbirana mpando, alimi olima minda ya mabwana, ndi mliri uja wa 1347 mpaka 1351 umene unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya. Mabuku ankakopedwa pamanja mpaka Gutenberg atabweretsa makina osindikizira cha m'ma 1450. Ndiye tikati fantasy ya medieval tikunena nkhani yobwereka zinthu za nyengo yotere, kopanda magetsi, kopanda galimoto, uthenga umayenda ndi miyendo ya munthu, nkhondo ndi ya maso ndi maso. Sikuti iyenera kuchitikira ku England ayi.

Ndiye kuti ndiyenera kulemba za azungu, ma castle ndi chipale chofewa choti sindinachionepo?

Ili ndiye funso limene limandigwira mtima kwambiri, chifukwa nkhani zambiri zimene achinyamata amanditumizira zimayamba ndi mwana wa mfumu wa tsitsi lofiira ataima pa windo la castle, ndipo ukawerenga umachita kumva kuti wolembayo akukopera filimu imene anaonera pa vidiyo sho. Sindikuletsa, ngati mtima wanu uli kumeneko lembani koma muwerenge mokwanira kuti musamanamize anthu. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti zaka zomwezo kuno ku Africa sikunali zii. Mansa Musa wa ku Mali anapita ku Mecca mu 1324 ndi golide wochuluka mpaka ku Cairo anamukamba zaka zambiri, Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafika ku Kilwa kugombe la Tanzania mu 1331 n'kupeza mzinda wokongola womangidwa bwino, ku Great Zimbabwe anamanga makoma amiyala popanda matope omatira, ku Lalibela anasema matchalitchi m'thanthwe.

Koma tisapite kutali. Mukatsika Khwekhwelere kulowera ku Mtakataka mwafika dera la Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, kuyambira cha m'ma 1400. A Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, atafukula pamalopo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa, zitsulo ndi minyanga ya njovu yosemedwa. Taganizani, mbale yochoka ku China kudutsa nyanja yaikulu, kudutsa m'manja mwa amalonda angati kaya, mpaka kudzasweka ku Dedza kuno. Ndani anaibweretsa, anapatsidwa chiyani, ndani anaiswa ndipo anamuchita chiyani? Buku lonse lilipo pamenepo. Mu 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro poyenda kuchoka ku Tete kupita ku Kilwa anacherezedwa ndi Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi. Kuli Undi, kuli Lundu, kuli Kaphwiti, mafumu amene anapatukana ndi Kalonga n'kukakhazikitsa maufumu awo. Castle yathu ndi linga, mudzi wozunguliridwa ndi mpanda wa mitengo kapena khoma ladothi, ndipo musalinyoze chifukwa olo ku England ma castle ambiri oyamba pambuyo pa 1066 anali chulu cha dothi ndi mpanda wa mitengo, miyala inabwera pambuyo.

Ine ndine Mngoni wa ku Ntcheu, ndingagwiritse ntchito mbiri yathu?

Kwambiri, bola mudziwe kuti Angoni a Maseko anakhazikika kuno mochedwa, cha m'ma 1870 ku Domwe, ndipo Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, nthawi imene mfuti zinali zitafala kale. Ndiye si medieval mwa zaka, koma zinthu zimene owerenga fantasy amazifuna zonse zilimo, ulendo wautali wa mtundu wonse kuchoka kummwera, magulu ankhondo a chishango ndi nthungo, nduna, ng'ombe, nkhondo ya pachibale imene inachititsa kuti a Kachindamoto atsikire ku Mtakataka. Mukapita ku Umhlangano ku Nkolimbo osangojambula mavidiyo a ngoma basi, khalani pansi ndi akuluakulu mumve mmene amatchulira mayina a makolo motsatana. Kenako musinthe mayina, mupange mtundu wanu wopeka. Kuika mawu abodza m'kamwa mwa Inkosi imene zidzukulu zake zili moyo ku Lizulu si bwino.

Nkhani yanga ndi yolimbirana ufumu, ndingaipange bwanji kuti isafanane ndi zonse zija?

Apa ndiye tili ndi chuma chimene olemba akunja alibe. M'mabuku awo ambiri mwana wamwamuna woyamba ndiye amalowa ufumu, mkangano umangokhala woti ndi mwana wa mfumu weniweni kapena wapathengo. Kwa Achewa mwana wa mfumu salowa ufumu wa bambo ake, amalowa ndi mphwake kapena mwana wa mlongo wake, ndipo amayi a mbumba ndi amene amakhala pansi n'kuloza munthu. Kwa Kalonga kunali Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu, amene mimba yake ndiyo inkabereka mafumu a Aphiri, kunalinso Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga wochokera kwa Abanda. Ndiye onani mmene nkhani ikudzipangira yokha. Mwana wa mfumu wakulira pabwalo, amadziwa milandu yonse, asilikali amamukonda, koma tsiku limene bambo ake atsikira kuli chete iye ndi mlendo pamudzipo, ufumu ukupita kwa msuweni wake amene wakulira kudambo kuweta mbuzi. Mayi ake a mwanayo atani? Malume ake atani? Nanga mbumba itagawikana, ena uku ena uku?

Ndiye muwonjezere kuti kuseri kwa phiri kuli mtundu wina, ngati Angoni, kumene ufumu umatsata bambo ndipo mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe. Mukakwatitsa mwana wamkazi wa mbumba yachifumu kwa mwana wa mfumu ya kumeneko, mwana wobadwayo mbali zonse ziwiri zimuti ndi wathu ndipo onse akunena zoona mwa malamulo awo. Ife a Dedza ndi Ntcheu izi timaziona pa maliro ndi pa milandu ya malo chaka ndi chaka, sitikusowa kuzifufuza pa intaneti. Musaiwalenso mphamvu ya mvula. Makewana wa ku Msinja analibe asilikali koma mafumu ankamutumizira mphatso chifukwa mvula ikakana ufumu umagwedezeka. Mfumu ya nthungo ndi mayi wa mvula akasemphana, wamkulu ndani?

Anthu anga azidya chiyani?

Izi ambiri amazipeputsa koma ndi pamene wowerenga wodziwa amakugwirira. Chimanga, mbatatesi, mbatata, chinangwa, tomato, mtedza, maungu, nyemba zambiri zimene timadyazi ndi fodya yemwe, zonsezi zinachokera ku America ndipo zinayamba kufalikira pambuyo pa 1492. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa ku Bembeke kapena ku Tsangano dziko lopanda kachewere n'lovuta kuliganiza, koma olo knight wa ku Ulaya wa mu 1300 sanalaweko mbatatesi. Msilikali wa Kalonga woyamba ankadya nsima ya mapira kapena ya mawere, khobwe, nzama, nyama ya m'tchire, nsomba zouma, uchi, bowa, ngumbi, ankamwa mowa wa mawere. Mchere unali chuma choyendera ulendo wa masiku. Zovala zinali nyanda yosula ku khungwa la mtengo, zikopa, ndi nsalu zathonje zoluka pamanja. Poti dziko ndi lanu mukhoza kuikamo chimanga, palibe akumangeni, koma muchite modziwa, ndipo mwina kubwera kwa mbewu yachilendoyo kukhale gawo la nkhani, ena akuti ndi dalitso ena akuti mizimu ikwiya.

Nanga akavalo ndi malupanga?

Akavalo kuno kunalibe, ndipo kumadera otsika otentha kashembe amawapha. Ndiye ngati dziko lanu likufanana ndi kwathu kuno anthu ayende pansi, pabwato, mfumu inyamulidwe. Munthu wonyamula katundu amayenda makilomita 25 kapena 30 pa tsiku njira ikakhala yabwino, ndiye kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85, ndi masiku atatu, ndipo gulu lankhondo lokhala ndi ovulala limachedwa kuposa apo. Linthipe akadzaza mu February mudikira. Musalembe kuti uthenga wafika tsiku lomwelo pokhapokha ngati pali ng'oma kapena matsenga, ndipo kuchedwa kwa uthengako n'kumene kumabweretsa misozi yabwino m'nkhani, munthu kuthamanga masiku anayi kukaletsa nkhondo n'kupeza mudzi wapsa dzulo.

Zida zathu ndi uta ndi mivi ya m'phodo nthawi zina yopaka ulembe, mkondo, nkhwangwa, chibonga, chishango chachikopa. Ngati mukufuna lupanga lodabwitsa musangoti linagwa kumwamba, tiwonetseni ng'anjo ikuyaka usiku wonse, mvukuto ikupuma, wosula ali ndi miyambo yake yoti asagone m'nyumba masiku amenewo apo ayi chitsulo sichituluka. Kwa amene mukulemba za ku Ulaya, lupanga wamba linkalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka basi, ndipo zovala zachitsulo zokuta thupi lonse zija zinafala m'ma 1400, kale ankavala malaya oluka ndi timphete tachitsulo.

Matsenga ndiwalembe bwanji kuti asaoneke achibwana?

Akhale ndi mtengo wake. Ife izi timazidziwa kale kuchokera m'nkhani za kumudzi, mankhwala alionse amphamvu amafuna chizimba ndipo amakhala ndi choletsa, usadye chakuti, usayang'ane kumbuyo, ukaphwanya zikutembenukira. Mpangankhani wanu akakhala woti vuto lililonse angotambasula dzanja latha, wowerenga asiya pa peji 20 chifukwa palibe choopa. Koma ngati nthawi iliyonse akaitana mvula amaiwala dzina la m'bale wake mmodzi, kapena chaka chimodzi cha moyo wake chimapita, ndiye tsiku limene mudzi ukufa ndi chilala ife tikhala tikunjenjemera naye limodzi. Lembani malamulo a matsenga anu pa pepala lapadera, angathe chiyani, sangathe chiyani, amawaphunzira kwa yani, amalipira chiyani, ndipo musawaphwanye pamene nkhani yakuthinani.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Musamangotenga gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi n'kumupanga mfiti ya m'nkhani yanu. M'dziko muno okalamba akumenyedwa ena kuphedwa kumene chifukwa cha mawu amenewa, ndipo lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Woipa wa m'nkhani yanu akhale munthu wamphamvu amene ali ndi zifukwa zake zomveka, nduna yoopa kutaya malo ake, mfumu yofuna kupulumutsa mwana wake pogulitsa ana a ena.

Ndikufuna dragon, kodi ndi zololedwa?

Ikani, koma muyang'anenso zimene tili nazo. Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikasamuka kupita kunyanja chimagumula phiri n'kukokolola midzi, anthu anamutchula ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Thunga ndi njoka ya mizimu ya ku kachisi wa mvula. Chilombo cholavula moto tachiona kambirimbiri m'mafilimu, koma chilombo chimene mpweya wake ndi nkhungu ya pa phiri la Dedza mu June ndipo kutembenuka kwake ndi chigumula, chimenecho owerenga sanatope nacho. Kulinso Akafula, aja timati Amwandionerapati, amene anasiya zojambula zofiira m'mapanga a Chongoni. Malo amenewa alipo 127 ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pitani ku Mphunzi kapena ku Chentcherere mukaime pansi pa thanthwe muone mizere ija ndi maso anu. Koma powalemba kumbukirani kuti anali anthu enieni okhala ndi ana ndi maliro awo, osati tizilombo toseketsa.

Gule wamkulu ndingamuike m'nkhani?

Zimene aliyense amaona pabwalo, inde, ng'oma, fumbi, amayi akuyimba, mantha a mwana akaona chilombo chikutuluka. Za kudambwe ayi. Ngati munameta mukudziwa kale chifukwa chake, ngati simunamete musapeke zinthu n'kuzitcha zoona. Njira yabwino ndi kupanga gulu lanu lachinsinsi la dziko lanulo, dzina lina zilombo zina malamulo ena. Ku Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, kuli nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare komwe mungaphunzire zambiri za Achewa, Angoni ndi Ayao mwaulemu.

Kunyumba akuti mabuku amenewa ndi a satana, ndiwayankhe bwanji?

Modekha. Afotokozereni nkhani yake, kuti ndi ya munthu wamng'ono amene akukana choipa olo chikumulonjeza ufumu, ndipo muwakumbutse kuti nthano za kalulu woyankhula anatiuza ndi iwo omwe. Akakanabe musalimbane nawo, ndi makolo. Ndipo zoona zake mabuku ena a mtundu umenewu ali ndi nkhanza ndi zogonana zambiri moti si a mwana wa Fomu 1, ndiye nkhawa yawo si yopanda pake.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Ine ndimalimbikitsa Chichewa, chifukwa a Chingerezi alipo kale masauzande pamene wa Chichewa wa mtundu umenewu ukamufuna umachita kusowa poyambira. Komanso Chichewa chili ndi zida zimene nkhani za mafumu zimafuna. Mfumu siyankhula yokha pabwalo, imadutsira mwa nduna. Munthu akhoza kunyoza mnzake pongomuti iwe m'malo mwa inu ndipo bwalo lonse limva kuti nkhondo yayamba. Mkulu samakana poyera, amaponya mwambi n'kukhala chete. Mfumu simwalira wamba, anthu amayamba anong'ona kaye. Chenjerani ndi mawu a lero, msilikali wa Kalonga asanene kuti dikirani mamineti asanu kapena kuti plan yathu ndi iyi, nthawi aziyeza ndi dzuwa, tambala woyamba, mwezi, nyengo ya dzinja ndi ya masika. Mayina musatenge a m'mafilimu, pangani anu omveka Chichewa ndipo akhale ndi tanthauzo monga mmene makolo ankatchulira mwana potengera zimene zinachitika pobadwa. Mayina asafanane poyambira, mukakhala ndi anthu anayi onse oyamba ndi Cha wowerenga asokonezeka.

Mabuku oti ndiwerenge ndiwapeza kuti?

Ovuta kupeza kuno, tisanamizane. Yang'anani kwa ogulitsa mabuku akale pansi mukapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, funsani ku laibulale ya sukulu, ndipo mukapeza limodzi muziyendetsa kwa anzanu osalikhalira. Pa intaneti nkhani zakale kwambiri za ma knight zimapezeka zaulere mwalamulo pa Project Gutenberg, ndipo magazini ya Omenana ya ku Nigeria imatulutsa nkhani zotere za olemba a ku Africa. Mukapeza buku la nambala 2 popanda loyamba werengani basi, muzolowera. Powerenga khalani ndi bolopeni, pamene mtima wagunda imani mubwerere muone kuti wolembayo wachita chiyani kuti ugunde. Muwerengenso mbiri yeniyeni, ndipo agogo amene akudziwa mayina a mafumu a m'mudzi mwanu kuyambira woyamba muwajambule mawu pa foni akadalipo.

Ndajambula mapu, ndalemba mayina a mafumu 30, koma nkhani sikuyenda. Nditani?

Matenda a tonse okonda fantasy ndi amenewa, kumanga dziko kumakoma kuposa kulemba. Tsekani kope la mapu. Sankhani munthu mmodzi, akufuna chiyani, ndani akumutsekereza, ataya chiyani akalephera. Yambani tsiku limene zinthu zasokonekera, osati ndi mapeji khumi a mbiri ya mmene dziko linalengedwera. Mbiriyo izituluka pang'onopang'ono, mwa nyimbo ya pamtondo, mwa mkangano wa pa mowa, mwa chipsera cha pankhope ya malume. Ndipo musayambe ndi mabuku atatu, yambani ndi nkhani ya mawu 3,000 ya m'dziko lomwelo muimalize. Mawu 300 pa tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi mawu opitirira 50,000, limenelo ndi buku. Mukamaliza chaputala chiwerengeni mokweza kwa mng'ono wanu kapena mnzanu, pamene wayamba kuyang'ana foni ikani chizindikiro, pamenepo pakufunika kudula.

Ndikaika pa Facebook kapena pa WhatsApp sandibera?

Zimachitika, ine nkhani yanga ina ndinaipeza ikuyenda m'magulu dzina langa atalichotsa ndipo zinandiwawa masiku angapo. Komabe kubisa nkhani mu sutikesi sikuithandiza. Ikani machaputala oyamba okha, dzina lanu likhale pamwamba ndi pansi pa gawo lililonse, buku lonse mulisunge. Sungani makope anu a pamanja ndi madeti ake, ndipo mukataipa pa foni muzidzitumizira pa imelo sabata iliyonse chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa osatsanzika. Za umwini wa zolemba funsani ku COSOMA, ndipo Malawi Writers Union ndi kumene mungakumane ndi olemba anzanu n'kumva za mipikisano. Wina akakuuzani kuti mulipire ndalama zambiri kuti akusindikizireni, pemphani pangano lolemba, muone kuti makope angati, umwini ukhala wa yani, ndipo mupite nalo kwa munthu wina amene anasindikizapo buku aliwerenge musanasaine.